Mmene Gologolo Anatengera Banja Lake Kubwalo

Padangokhala. Amene muli maso nenani kuti tili tonse, amene mukuwodzera musadzandifunse mawa.

Kalelo, nyama zisanayambe kuopana, za m'banja zinali za eni ake. Tambala anali ndi akazi odzaza bwalo, Njiwa anali ndi mmodzi yekha n'kumakhutira naye, ndipo panalibe wowerengera mnzake. Mfumu ya dzikolo inali Mvuu. Kubwalo kwake kunkapita milandu ya kuba ndi ya ndewu basi, ndipo milanduyo ikasowa mfumu inkangokhala n'kumayasamula.

M'dziko lomwelo munali Gologolo, amene anakwatira Mbira n'kukhala pachikamwini. Mbira anali mkazi wa minda ikuluikulu imene anamusiyira amayi ake. Sankalankhula zambiri, koma akaseka ankamveka mpaka kuchitsime. Gologolo anamukopa ndi pakamwa, pakuti chuma chake chonse chinali pakamwapo. Khasu linkamudwalitsa msana. Akalima mizere iwiri ankakhala pansi n'kuyamba kufotokozera mkazi wake kalimidwe kabwino.

Chaka china udzu utawapitirira, Gologolo anapeza nzeru.

"Mayi, mutu umodzi susenza denga," anatero. "Tambala ali ndi akazi ambiri ndipo palibe amene wafa nazo. Inu bwanji osatenga mwamuna wachiwiri? Ndili ndi mnzanga wina, Nungu. Salankhula, sadya kwambiri, ndipo akagwira khasu sadziwa kuweruka."

Mbira anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwaganiza bwino, abambo? Mwamuna si khasu loti mukalimira mulipachike pakhonde."

"Mukuopa kuti ndichita nsanje? Ine ndi nsanje sitidziwana. Amenewo ndi matenda a anthu operewera nzeru."

Nungu anabweradi ndi ankhoswe ake, nkhani inakambidwa, ndipo analowa m'banjamo. Mbira anakonza zinthu mwachilungamo. Amene wamuikira madzi ofunda kubafa ankadziwa kuti lero nyumba ndi yake, winayo ankakagona kukanyumba ka kuseri. Minda inayera, nkhokwe zinadzaza, ndipo Gologolo ankayenda m'mudzi mchira uli m'mwamba, kuuza aliyense kuti nzeru zimalima kuposa khasu.

Chimene chinasokoneza zonse chinali kuseka. Tsiku lina masana Gologolo ali gone pamthunzi anamva Mbira akuseka pakhonde, kuseka kuja kogwira nthiti, kumene iye ankati ndi kwake yekha. Anasuzumira n'kuona kuti akuseka ndi Nungu, uku akusenda chinangwa. Kodi munthu wosalankhula uja akunena chiyani choseketsa chonchi? Tsiku lotsatira anakwera padenga n'kubisala mu udzu kuti amve. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako Nungu anakweza mutu n'kunena kuti, "Chinangwa ichi chili ngati mwendo wa ankhoswe anga." Mbira anaseka mpaka kugwetsa mpeni.

Basi, mawu ake anali omwewo. Gologolo, amene ankadziwa nthabwala zokwana dziko lonse, anatsika padengapo. Nsanje imene ankati sadziwana nayo inamupeza, inalowa osaodira, ndipo inayala mphasa mumtima mwake. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinkamukomera. Madzi akaikidwa kubafa kwa Nungu, iye ankakapisamo chala kuti aone ngati afunda kuposa ake. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti Mbira akhale wake yekha monga kale. Koma kukanena zimenezi kwa Mbira kunali kuvomera kuti nayenso ndi woperewera nzeru, ndipo kumenyana ndi munthu wa minga thupi lonse sankakuganiza n'komwe. Choncho anaganiza za kubwalo.

Anatola munga umene Nungu anagwetsa, anadzibaya nawo pantchafu, n'kuyamba ulendo wa kwa mfumu akutsimphina. M'njira ankaimba nyimbo yodandaula kuti mtima wake walowa nankafumbwe, kunja ukuoneka wabwino koma m'kati ndi ufa wokhawokha, n'kumafunsa kuti amuchotsera ndani munga pamphasa pake. Achule a m'mbali mwa njira, amene sasiya nyimbo kupita yopanda wovomera, ankamuyankha onse pamodzi kuti amene anabweretsa mungawo pakhomo ndi woimba yemweyo. Gologolo ankachita ngati sakumva.

Atafika anagwada n'kuwomba m'manja. "Zikomo mfumu. Ndabwera ndi chisoni, koma chisoni changa si cha bala ili. Ndikumva chisoni ndi inu."

Mvuu anatsegula diso limodzi. "Ndi ine? Ndatani?"

"Anthu akunena kuti mafumu a maiko ena amadziwika ndi malamulo awo, koma mfumu yathu imadziwika ndi kuyasamula. Akuti ufumu wanu umathera pakhomo la nyumba, m'katimo aliyense ndi mfumu payekha."

Mvuu anatsegula diso lachiwiri. "Ndiye ndichite chiyani?"

"Taonani bala ili. Ine ndi mwamuna, ndipirira. Nanga mkazi wogona pafupi ndi minga yotere? Mfumu yanzeru ikanalamula kuti wa minga asalowe m'nyumba ya mkazi."

Mfumu inaona kuti kulamula n'kosavuta, kumangofunika kubwereza zimene wamva mokweza mawu. Ng'oma inalira, lamulo linalengezedwa, ndipo Gologolo anabwerera kwawo ataiwala kutsimphina.

Mbira atamva anangoti, "Chabwino." Anatenga mtsuko kukatunga madzi, Nungu anaponda dothi, ndipo posakhalitsa kanyumba ka kuseri kaja kanamatidwa bwino, kanafoleredwa, kanaikidwa ndi chitseko chomwe. Nungu sanapondenso m'nyumba ya mkazi. Mkaziyo ndiye ankapita kwa Nungu, atanyamula chakudya ndi mphasa yake, ndipo poti kunali koyenda, sankafulumira kubwerera. Kale Gologolo ankamva mawu ndi kuseka komwe. Tsopano kunkamufika kuseka kokha, kuchokera kuseri kwa chitseko, ndipo mawu amene sankawamvawo ankadzipekera yekha. Zimene ankapekazo zinali zowawa kuposa mwendo wa ankhoswe.

Anauyambanso ulendo wa kubwalo. Nyimbo inali yomwe ija, koma tsopano anawonjezamo chitseko, kudandaula kuti nankafumbwe wamanga nyumba m'nkhokwe mwake n'kudzitsekera. Achule anavomera monga poyamba, kumukumbutsa amene anabweretsa munga pakhomo, ndipo ulendo uno ena ankaseka pakati pa nyimbo.

Anapeza Mvuu ali maso, akumudikira. Lamulo loyamba lija linali litaikomera mfumuyo.

"Wabwera ndi lina?" inafunsa mfumu.

"Ndabwera ndi lanu lomwe, mfumu, ine ndangolinyamula. Anthu akutama nzeru zanu, koma akuti m'mabanja a anthu ambiri mulibe chilungamo. Wina amalandira chikondi chodzaza lichero, wina cha m'kachipande. Mfumu imene imagawa minda mofanana ingalephere kugawa chikondi?"

"Chikondi amachiyeza ndi chiyani?"

"Ndi maso, mfumu. Muli ndi mesenjala wanu Nanzikambe, amene diso lina limaona kuno, lina uko. Mukamukhazika pakhomo pathu, palibe chimene chingapite kwa mmodzi osapita kwa mnzake."

Ng'oma inaliranso. Nanzikambe anayenda monga amayendera, phazi limodzi lero lina mawa, koma anafika. Anakhala pamtondo pakati pa bwalo, diso lakumanja pa Gologolo, lakumanzere pa Nungu, ndipo pakamwa pake anapalozetsa kumbale, pakuti wantchito wa mfumu sabwera ndi kamba. Mbira akagawa mtedza, Nanzikambe ankaulawa kuti aone ngati wakazingidwa mofanana. Akafunditsa madzi, Nanzikambe ankayamba wasamba yekha.

Kenako Nungu ananena kanthu kena kakang'ono, Mbira n'kuseka.

"Mayi, mwaseka kumanzere," anatero Nanzikambe. "Sekaninso kumanja."

Mbira anatembenukira kwa Gologolo, anaonetsa mano, anatulutsa kamawu kouma, n'kubwerera ku ntchito yake. Gologolo anamva ngati wamenyedwa khofi pagulu. Kuseka kumene ankakulira kuja anakulandira ndithu, koma kunali ngati ndiwo zopanda mchere.

Choopsa chinabwera masana. Panali chinthu chimodzi chimene Mbira ankachitira Gologolo yekha chikwatiranireni. Dzuwa likapendeka ankamukhazika pamiyendo n'kumupesa mchira pang'onopang'ono, kuchotsa zisoso, uku akumvera mabodza ake. Tsikulo atangotenga chipeso, Nanzikambe anakweza dzanja.

"Mukatha apo mukapesenso a Nungu."

"A Nungu apesedwa pati?" anafunsa Mbira. "Mukufuna ndithyole chipeso kapena zala?"

"Ndiye chimene sichingapite kumanzere chisapitenso kumanja. Lamulo likutero."

Mbira anaika chipeso pansi. Anayang'ana Gologolo, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, munali chisoni. "Abambo, zimenezi mukuzifunadi?"

Apa munthu wanzeru akanagwira mwendo wa mkazi wake n'kupepesa. Koma nsanje ilibe makutu. Gologolo anangoona kuti wataya chipeso chifukwa cha Nungu, ndipo mchira wake utayamba kupota, chidani chake chinapotanso.

Nthawi imeneyi dziko lonse linali litayamba kulira. Mvuu anali atatumiza abale a Nanzikambe m'makomo monse mokhala anthu oposa awiri. Tambala anaonda chifukwa cholamulidwa kupalasira mkazi aliyense nyongolotsi zofanana kutalika. Anthu ankati akamuona Gologolo amalavula. Iye analibe nazo ntchito, anauyamba ulendo wachitatu. Nyimbo ija tsopano ankaiimba ndi mawu osasa, ndipo sinkafunsanso kuti amuchotsera ndani munga, inkalonjeza kuti auzula yekha ngakhale mphasa ing'ambike. Achule anavomera motsitsa, mawu awo omwe aja, koma panalibe amene anaseka.

"Mfumu," anatero atagwada, "mwachiritsa zilonda ziwiri, koma nthenda ikadali m'magazi. Dziko losokonekera mutu ndi limene mkazi amakhala ndi amuna awiri. Lamulo lalikulu, limene adzukulu adzakukumbukireni nalo, ndi lakuti m'banja mukhale awiri okha."

Mvuu anatembenuka n'kuyang'ana kudziwe kumene akazi ake ambirimbiri ankasamba. Nkhope yake inagwa. "Nanga awo?"

"Awo ndi a mfumu. Mwamuna sawerengeredwa akazi, monga mmene mwini khola sawerengeredwa mbuzi. Lamulo ili ndi lowerengera akazi amuna awo."

Nkhope ya mfumu inabwerera m'malo. "Wanena bwino. Ndiye Mbira abwere kuno asankhe mmodzi, winayo azipita."

Apa ndiye Gologolo sanaganizepo. Anakumbukira kuseka kwa kuseri kwa chitseko, anakumbukira minda imene iye sanalime, ndipo anaona Mbira ataimirira pabwalo akuloza Nungu pamaso pa anthu onse. Mwina akanaloza iye, ndani akudziwa? Koma mwina ameneyo Gologolo sakanatha kumupirira.

"Mfumu, mundikhululukire," anatero msanga. "Akasankha Mbira, ndiye kuti wagamula mlandu ndi Mbira. Mawa anthu adzati bwalo la Mvuu amaweruza ndi akazi, mfumu imangoyasamula. Asankhe ndi inu."

"Ndisankha bwanji? Onse ndi anthu anga."

"Inu mukudziwa kale, mukungondiyesa. Mwamuna weniweni ndi amene njala ikagwa, za pansi zitatha, angathe kudyetsa mkazi wake za m'mwamba. Ndikuona mwayang'ana mkuyu uwo. Mukuganiza zoti amene athyole nkhuyu ya pansonga ndiye mwini mkazi. Nzeru zotere ine sindikanazipeza."

Mvuu sanayang'ane mkuyu uliwonse, koma anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi zimene amaganizadi.

Tsiku la mlandu nyama zonse zinasonkhana. Mfumu inalengeza lamulo ndi mayeso ake. Anthu anayang'ana mkuyu, anayang'ana miyendo ifupiifupi ya Nungu, n'kuyamba kung'ung'udza. Pamenepo Mbira anaimirira, anapita patsogolo, anagwada n'kuwomba m'manja.

"Zikomo mfumu. Ndili ndi mawu. Banja likukambidwali ndi langa, ndipo mukandilola ndinena amene..."

Gologolo analumpha asanamalize. "Mfumu, pa mlandu wa malire amalankhula ndi olima. Munda sulankhula."

Mvuu, amene anazolowera kubwereza mawu a Gologolo, anabwerezanso. "Munda sulankhula. Khalani pansi, mayi."

Mbira sanakhale pansi msanga. Anatembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake woyamba kuyambira kumutu mpaka kumchira wopota uja, ngati munthu amene akumuona koyamba. Kenako anabwerera pamalo pake.

Nungu ndiye anaitanidwa poyamba. Anapita patsinde pa mkuyu, anayang'ana m'mwamba, anaugwira ndi dzanja limodzi, n'kuusiya.

"Mfumu, ine kukwera sinditha, ndipo aliyense pano akudziwa," anatero. Anatembenukira kwa Gologolo. "Achimwene, munandiitana ndinu. Mukanandiuza kuti mtima ukukupwetekani, tikanakhala pansi atatu. Chimanga cha kumunda wa kumtunda chifunika kubandira mvula isanabwerenso." Anapita kwa Mbira, anawerama, n'kunena motsitsa kuti, "Tsalani bwino, mayi." Anatuluka pabwalopo minga itagona pansi, osacheuka.

Gologolo anakwera mkuyu ngati mphezi. Anathyola nkhuyu ya pansonga penipeni, anatsika nayo, anaiika m'manja mwa Mbira. Mfumu inagamula kuti kuyambira lero mwamuna wa Mbira ndi Gologolo yekha, ndipo bwalo ndi mboni. Panalibe amene analuluta.

Gologolo anapambana, ndipo musaganize kuti Mbira anamuthawa kapena kumumana kanthu. Ankaphika, ankasesa, madzi ofunda ankapezeka kubafa tsiku lililonse, pakuti panalibenso wogawana naye. Nanzikambe anabwerera kwa mfumu nkhokwe itatsika. Gologolo anatulutsa nthabwala zake zonse, zakale ndi zatsopano, anavina, anadzigwetsa dala pamtondo. Mbira ankamuyang'ana mwaulemu mpaka amalize, n'kufunsa ngati akufuna madzi akumwa. Akatha ntchito zake ankakwera pamwala wa kuseri kwa nyumba n'kukhala pamenepo, nkhope italoza kutali.

Nsanje ija sinachoke ndi Nungu. Inakula. Kale Gologolo ankachitira nsanje munthu amene ankamuona, woti akhoza kumuwerengera mtedza. Tsopano ankachitira nsanje munthu amene kulibe, amene sakalamba, salakwa, ndipo palibe lamulo lingamutulutse m'mutu mwa mkazi. Mbira akakhala pamwala paja, Gologolo ankathamangira mumtengo kukaona chimene akuyang'ana. Sankaona kanthu. Ankatsika, mtima n'kumuuza kuti wachedwa pang'ono, n'kukweranso.

Ndipo panali funso limene linkamudya kuposa zonse. Analisunga mpaka linamukanika. Tsiku lina anakwera pamwalapo, anakhala pambali pa mkazi wake, mawu ake onse aja atamuthera.

"Mayi," anatero, "tsiku lija pabwalo munati munena dzina. Munkafuna kunena ndani?"

Mbira sanatembenuke.

"Ndikupemphani. Mukati Nungu ndipirira. Mukati tonse awiri ndimva. Kungoti ndidziwe."

"Munali ndi nthawi yondifunsa, abambo," anatero Mbira mofatsa. "Tinkadya mbale imodzi. Munadutsa ine pakhonde katatu konse kupita kukafunsa a Mvuu za mumtima mwanga."

"Ndikufunsa tsopano."

"Mukufunsa munda?"

Gologolo anayamba kutsika pamwalapo.

"Amene anakupatsani mkazi ndiye akudziwa zimene mkaziyo amafuna," anatero Mbira. "Kafunseni kubwalo."

Sanamuuze tsiku limenelo, sanamuuze chaka chotsatira, ndipo sanamuuze mpaka kalekale. N'chifukwa chake mukapita kuphiri mudzapeza mbira ili phee pamwala, ikuyang'ana kutali, yosalankhula ndi munthu. Nungu amayenda yekha, safunanso za m'mudzi. Ndipo gologolo sakhazikika. Amakwera, amasuzumira kuseri kwa tsinde, amatsika, amakweranso, uku akutokota yekha, kufunsa funso limene analetsa mwini wake kuyankha.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anafotsera mbatata paphulusa akaiphule isanapserere.